Mipira 118 ndi masiku 11: kumvetsa nkhani ya Hedley Verity

Chaka chilichonse mu Novembala, anthu a ku Britain akayamba kuvala kaduwa kofiira pachifuwa pokumbukira amene anafera kunkhondo, masamba a zamasewero amabwezanso chithunzi cha bambo wina wamtali, wovala zoyera zokhazokha, mpira uli m'dzanja lamanzere. Pansi pa chithunzicho pamakhala manambala awiri ofanana, 10 ndi 10, kenako dzina la tauni ya ku Italy ndi chaka: Caserta, 1943. Wosaidziwa kiriketi amangodutsa. Woidziwa amaima pamanambalawo, n'kudabwa kuti munthu wa zaka 38, wotchuka mpaka ku Australia, ankatani usiku m'munda wa tirigu umene unkayaka moto.

Bamboyo ndi Hedley Verity, amene ankasewerera Yorkshire, chigawo cha kumpoto kwa England, komanso timu ya dziko la England. Kuti nkhani yake imveke, pafunika kumasula mawu a magulu awiri a anthu okonda kulemba m'mabuku: alembi a zigoli za kiriketi ndi alembi a asilikali. Oyambawo analemba mpira uliwonse umene Verity anaponya m'zaka 10. Achiwiriwo masiku ake 11 omaliza anawalemba m'mizere yowerengeka, ndipo zambiri zimene tikudziwa za masikuwo zinachokera m'kamwa mwa anzake amene anapulumuka.

Wiketi, rani ndi ova

Amene anasewerapo fulaye ali mwana wayamba kale kuimva kiriketi. Pa fulaye ena amaponya mpira, wina ali pakati akudzaza mchenga m'botolo. Akamulasa watuluka, pabwere wina. Pa kiriketinso mbali imodzi ikufuna kutulutsa, inayo ikufuna kuunjika zigoli isanatulutsidwe. Kusiyana kwake n'kwakuti wapakatiyo sauzinda mpira, amaumenya ndi thabwa, ndipo cholasidwa si thupi lake koma timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwake. Timitengoto amatitcha wiketi.

Mawu amenewa ndi amene amasokoneza ongoyamba kumene, chifukwa amanyamula matanthauzo atatu. Timitengo tija ndi wiketi. Womenya akatuluka, amati woponya "watenga wiketi". Ndiponso kachigawo kadothi kotsendereza bwino, kotalika mamita 20, kamene kali pakati pa bwalo, pamene mpira umanjanja usanafike kwa womenya, nakonso ndi wiketi.

Timu imakhala ndi anthu 11, koma poti omenya amaima awiriawiri, mukatulutsa 10 ndiye kuti mwamaliza timu yonse. M'masewero a masiku angapo timu iliyonse imamenya maulendo awiri. Womenya amatuluka mpira ukagwetsa timitengo, wina akauwakha usanagwe pansi, akautchinga ndi mwendo pamene ukanagunda timitengo, kapena akachoka pamzere wake wogwira mpira kumbuyo n'kumugwetsera timitengo. Chigoli chimatchedwa rani: omenya awiriwo akathamanga n'kusinthana malo ndi rani imodzi, mpira ukagubuduka mpaka kumalire ndi marani 4, ukauluka kudutsa malire ndi 6. Woponya amaponya mipira 6, imeneyo ndi ova, kenako amapumira mnzake wa mbali inayo.

Choncho mukaona manambala awiri pa dzina la woponya, loyamba ndi anthu amene watulutsa, lachiwiri ndi marani amene amumenya. Wotenga 5 n'kupereka 60 wagwira ntchito yabwino.

Malamulo akale kwambiri a masewerowa amene tili nawo analembedwa mu 1744, ndipo kalabu ya MCC (Marylebone Cricket Club), imene imawasunga ku bwalo la Lord's mu London, inayamba mu 1787. Masewero a dziko ndi dziko a masiku angapo amatchedwa Test. Oyamba anachitika ku Melbourne mu 1877. Pansi pake pali mpikisano wa zigawo za England ndi Wales. Masewero onsewa, pamodzi ndi ena a mlingo womwewo, ndi amene amatchedwa first-class, ndipo m'menemo Verity anatenga mawiketi 1,956, iliyonse pamtengo wa marani 14.90. Mawiketi 144 mwa amenewa anawatenga pa ma Test 40.

Kupota mpira, ndi dothi lonyowa

Oponya alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Ena amadalira liwiro, mpira ukubwera ngati mwala wa pa legeni. Ena amaponya pang'onopang'ono, koma pousiya amaupota ndi zala kuti uzizungulira ngati nguli, ndiye ukagunda pansi umakhota. Woponya ndi dzanja lamanzere ngati Verity amaukhotetsa kuti uthawe womenya wa dzanja lamanja. Womenya amatambasula thabwa pamene akuganiza kuti mpira ufikira, mpirawo n'kungokhudza m'mphepete mwa thabwa, n'kugwera m'manja mwa amene akudikira kumbuyo.

Ntchito imeneyi ndi ya munthu wotchera msampha, osati wosaka ndi uta. Amaponya mipira inayi kapena isanu pamalo amodzimodzi mpaka womenya azolowere, kenako wachisanu ndi chimodzi aufupikitse pang'ono, kapena aufulumizitse osaukhotetsa n'komwe.

Verity sanayambe ndi luso limeneli. Anabadwa pa 18 Meyi 1905 ku Headingley mu Leeds, pafupi ndi bwalo limene anadzatchukirapo, n'kukulira ku Rawdon kumene bambo ake ankagulitsa malasha. Ali mnyamata ankaponya mwa liwiro lapakatikati, ndipo oponya otere Yorkshire inali nawo ambirimbiri. Anapita kukasewera molipidwa m'makalabu a m'matauni a Lancashire, poyamba ku Accrington mu 1927 kumene zinthu sizinamuyendere, kenako ku Middleton. Akuluakulu awiri a Yorkshire, George Hirst ndi Wilfred Rhodes, ndi amene anamulangiza kuti aphunzire kupota. Vuto linali lakuti malo a wopota wamanzere mu timuyo anali a Rhodes yemweyo, mwini mawiketi oposa 4,000, amene anasewera mpaka ali ndi zaka 52. Verity analowa mu timu mu 1930, chaka chimene Rhodes ankatsanzika, ali kale ndi zaka 25.

Pali chinthu china chimene woonera kiriketi ya masiku ano pa TV sangachidziwe. Lero mvula ikangodontha, antchito amathamanga ndi malona kukafunditsa wiketi. M'nthawi ya Verity, masewero akayamba, dothilo linkasiyidwa pamtunda. Mvula ikagwa usiku, dzuwa n'kuwala m'mawa, pamwamba pankauma pansi pakadali pofewa. Amayi ozira nyumba amaudziwa mtsiro ukafika pamenepo: sunaume, sulinso matope, ukapondapo umagwira phazi. Padothi lotere mpira wopotedwa umaluma, umakhota kwambiri, wina umadumphira pachifuwa wina n'kukwawa. Ku England anayamba kufunditsa mawiketi kotheratu cha m'ma 1980, ndiye luso loponya ndi lomenya padothi lotere linapita ndi eni ake.

10 ndi 10

Pa 12 Julayi 1932 ku Headingley linali tsiku lomaliza la masewero a Yorkshire ndi Nottinghamshire. Alendowo anali atapeza 234. Yorkshire inali pa 163, itataya anthu 9, pamene chimvula chinagwa dzulo lake. Kaputeni Brian Sellers analengeza kuti timu yake yasiya kumenya ngakhale inali kumbuyo ndi marani 71, kuti alendowo alowe padothi lonyowalo. M'mawa wonse palibe chinachitika. Nottinghamshire inafika pa 44 osataya munthu, ndipo zinkaoneka kuti masewerowo atha opanda wopambana.

Atadya nkhomaliro dothi linayamba kugwira. Timu imene inali pa 44 yonse inathera pa 67. Onse 10 anawatulutsa Verity. Anaponya mipira 118. Mwa maova ake 19 athunthu, 16 sanapereke ngakhale rani imodzi. Marani onse amene anamumenya anali 10. Anthu 7 omaliza anawatenga m'mipira 15, atatu mwa iwo motsatizana. Asanu ndi atatu anawakhidwa, zimene zikusonyeza kuti msampha uja wa m'mphepete mwa thabwa ndi umene unkagwira. Ndiye chodabwitsa china: padothi lomwelo Percy Holmes ndi Herbert Sutcliffe a Yorkshire anamenya marani 139 amene ankafunika osatuluka ndi mmodzi yemwe. Ofuna kunena kuti dothi ndi limene linagwira ntchito amakakamira pamenepa.

Kutenga onse 10 kwachitikapo kangapo m'mbiri, ndipo Verity mwiniyo anali atachitapo kale pa tsiku lake lobadwa mu 1931, pamene Warwickshire inamumenya marani 36. Koma kuwatenga pamtengo wa 10 palibe wina wachitapo mpaka lero.

Dziko lonse linamudziwa bwino mu Juni 1934 ku Lord's. England inapeza 440, Australia n'kugona Loweruka ili pa 192 itataya awiri okha. Kumapeto kwa sabatako kunagwa mvula. Lolemba lokhalo Verity anatenga mawiketi 14, Australia inatulutsidwa kawiri, ndipo m'masewero onsewo anatenga 15 pa marani 104. Don Bradman wa Australia, womenya amene anthu ambiri amati sanakhaleko wina womuposa, anatuluka kwa Verity maulendo onse awiri. Pa ma Test onse anamutulutsa ka 8, kuposa woponya wina aliyense. England inadikira mpaka 2009 kuti igonjetsenso Australia pabwalo limenelo. Mpikisano wa chaka chimenecho, tisaiwale, unapita ndi Australia yomweyo.

Mabwana ndi aganyu

Kiriketi ya ku England inali ndi osewera a mitundu iwiri mu timu imodzi. Ena ankasewera osalandira malipiro, poti kwawo kunali chuma kapena anali ndi ntchito zina zapamwamba. Amenewa ankatchedwa Gentlemen. Ena kiriketi inali ntchito yodyetsera ana. Amenewa anali Players. Zinali ngati mwini munda ndi waganyu akulima mzere umodzi, thukuta lofanana, koma nsima akadyera kosiyana. M'mabwalo ambiri ankavalira m'zipinda zosiyana, kwina ankatulukira pazipata zosiyana, ndipo papepala la zigoli zilembo zoyamba za dzina la bwana zinkalembedwa patsogolo, za waganyu pambuyo kapena osalembedwa n'komwe.

Ukaputeni unali wa mabwana. Wally Hammond, katswiri wa England, anachita kusiya malipiro mu 1938 kuti apatsidwe udindowo. Wolipidwa woyamba kusankhidwa kutsogolera England m'zaka za m'ma 1900 anali Len Hutton, mu 1952, ndipo kusiyanitsa konseku kunathetsedwa kumapeto kwa 1962. Oikira kumbuyo dongosololi ankati munthu wosadalira malipiro amatsogolera mopanda mantha ochotsedwa ntchito. Olitsutsa ankati linkangoteteza ana a olemera.

Verity anali waganyu. Pa zaka 10 zimene anasewera, Yorkshire inatenga chikho cha zigawo ka 7, iye ali mzati wake, koma ukaputeni wa timuyo sukanamufika. Anaupeza kwina.

Rejimenti, kampani, kaputeni

Kumayambiriro kwa 1939 England inali ku South Africa. Test yomaliza, ku Durban mu Malichi, anagwirizana kuti aisewera mpaka papezeke wopambana. Inatenga masiku 10, ndipo inasiyidwa panjira England ili pa 654 pofuna 696, chifukwa sitima ya pamadzi yobwerera kwawo sikanawadikira. Verity anaponya mipira 766 m'masewero amenewo. Olemba mbiri yake amati paulendowu ankawerenga mabuku a zausilikali amene anamulangiza ofesala wina wa gulu la asilikali la Green Howards, amene anadziwana naye ku India. Mwa anthu 22 amene anasewera ku Durban, atatu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawatenga: Verity, Ken Farnes wa England amene anagwa ndi ndege pophunzira mu 1941, ndi Arthur Langton wa South Africa amene anagwa ndi ndege ku Nigeria mu 1942.

Pa 1 Sepitembala 1939, tsiku limene Germany inalowa mu Poland, Yorkshire inali ku Hove kumalizitsa masewero ndi Sussex. Matimu ena anali atalongedza kale. Verity anatenga mawiketi 7 pa marani 9, Sussex inathera pa 33, osewera n'kukwera basi kubwerera kumpoto. Patapita masiku awiri Britain inalowa nkhondo, ndipo mpikisano wa zigawo sunachitikenso mpaka 1946.

Tsiku lomwelo la pa 3 Sepitembala nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti amuna a zaka 18 mpaka 41 atha kuitanidwa kunkhondo. Verity anali ndi zaka 34, mkazi ndi ana aamuna awiri. Osewera otchuka ambiri anapatsidwa ntchito yophunzitsa asilikali masewero olimbitsa thupi. Nayonso sinali ntchito yopanda ngozi: Hutton anathyoka mkono wamanzere akuigwira mu 1941, ndipo mkonowo unatsala wofupikirapo moyo wake wonse. Verity anapita kwa asilikali oyenda pansi, ndipo mu Januwale 1940 anakhala ofesala wa Green Howards.

Rejimenti ya asilikali a Britain tingaiyerekeze ndi mfunda. Munthu amanyamula dzina lake, mbiri yake ndi miyambo yake kulikonse apite, koma a mfunda umodzi sakhala mudzi umodzi. Green Howards inayamba mu 1688, kwawo kunali ku Richmond mu Yorkshire, ndipo dzinalo linabwera chifukwa nthawi ina panali akuluakulu awiri otchedwa Howard, ndiye powasiyanitsa anthu anagwiritsa ntchito mtundu wobiriwira wa pa yunifolomu. Mu 2006 inaphatikizidwa ndi ena kupanga Yorkshire Regiment. Gulu limene limapita kukamenya nkhondo limodzi ndi bataliyoni, ya amuna mazana angapo, ndipo bataliyoni imagawidwa m'makampani a anthu pafupifupi 100. Wotsogolera kampani sakhala patali ndi mapu. Amayenda ndi anyamata ake, ndipo usiku, pamene sakuonana, amamva mawu ake.

Verity anakwera mpaka kukhala kaputeni mu bataliyoni yoyamba. Anakhala ku Omagh ku Northern Ireland mu 1941, akusewerako kiriketi ndi makalabu a kumeneko. Mu 1942 anatumizidwa ku India, kumene anadwala kamwazi koopsa, kenako Persia, Syria ndi Egypt. Mphamvu zake zakale sizinabwerere zonse, ndipo olemba mbiri yake amati mkulu wake anali ataganiza zomusamutsira ku ntchito ya kulikulu nkhondo ya ku Sicily ikangotha.

Chigwa cha Catania

Nkhondo ya kumpoto kwa Africa itatha mu Meyi 1943, Britain, America ndi Canada analunjika ku chilumba cha Sicily kuti chikhale khomo lolowera ku Italy. Anatsika pa 10 Julayi. Masiku oyamba zinayenda mofulumira, koma asilikali a Montgomery, mkulu wa asilikali wa ku Britain, amene ankakwera gombe la kum'mawa, anakaima m'chigwa cha kumwera kwa mzinda wa Catania. Chigwacho n'chathyathyathya, chodulidwa ndi mtsinje wa Simeto ndi ngalande, ndipo Ajeremani anali pamalo okwera, phiri la Etna lili kumbuyo kwawo, akuona chilichonse choyenda. Masana kunali kosayendeka. N'chifukwa chake ankaukira usiku.

Kuukira kwa usiku kunkayenda motere: mizinga ya kumbuyo imaomba patsogolo pa asilikali ake omwe, motowo ukusuntha pang'onopang'ono, iwo akuutsatira pafupi kuti adani asapeze mpata wodzutsa mitu. Mukatsalira, chitetezocho chimakusiyani. Mukaima pamtetete, mwakhala chandamale.

Usiku wa pa 19 Julayi kuchera pa 20, Verity anatsogolera kampani B. Zipolopolo zinayatsa tirigu wouma m'minda, moto n'kuwaonetsa poyera. Mfuti zachiwaya zinkachokera kutsogolo ndi m'mbali. Cholinga chinali nyumba ina ya pafamu imene Ajeremani anabisalamo. Verity analasidwa pachifuwa ndi chidutswa cha bomba. Amene anali pafupi anakumbukira kuti lamulo lomaliza limene anamumva akupereka linali lakuti apitirire. Kampaniyo inabwerera m'mbuyo, iye n'kutsala. Msilikali amene ankamutumikira anatsala naye, mutu wa bwana wake uli m'manja mwake, mpaka Ajeremani anawapeza kutacha. Msilikali wotumikira ofesala m'Chingelezi amatchedwa batman, ndipo ena powerenga amaganiza kuti akunena womenya mpira. Ayi, ndi ntchito yosamalira zovala, chakudya ndi mauthenga a ofesala.

Catania inagwa pa 5 Ogasiti, Messina pa 17.

Mkaidi wa pankhondo, ndi "kufa ndi mabala"

Msilikali wogwidwa si wandende wolakwa. Pangano la ku Geneva la 1929, limene Britain, Germany ndi Italy onse anasaina, linkati wogwidwa asamalidwe, wovulala apatsidwe mankhwala ngati msilikali wa eni dziko, ndipo dzina lake litumizidwe kwawo kudzera ku Red Cross. Panganolo linkatsatidwa mosiyanasiyana, koma pakati pa mayiko amenewa kumadzulo linkagwira ntchito ndithu.

Verity anachitidwa opaleshoni yoyamba pachipatala cha Ajeremani cha kunkhondo komweko. Kenako anawolotsedwa nyanja kupita ku Reggio Calabria, n'kuyenda ulendo wautali pasitima ya pamtunda m'nyengo yotentha mpaka ku Naples, kumene malo kuchipatala kunalibe, mpaka anakafika ku Caserta m'manja mwa Ataliyana. Dziko lenilenilo linali likugwedezeka: pa 25 Julayi Mussolini, wolamulira Italy, anachotsedwa pampando. Ku Caserta mkaidi mnzake wa ku Leeds, amene ankathandiza odwala, anamuzindikira. Madokotala anamuchotsa kachigawo ka nthiti kamene kankakanikiza phapo, atangomupha dzanzi pamalopo, ali maso. Magazi sanaleke. Anamwalira pa 31 Julayi 1943, ndipo anaikidwa ndi ulemu wa usilikali.

Kwathu kuno uthenga wa maliro sugona. Umapita kwa mfumu, kenako mudzi wonse. Uthenga wa Verity unayenda mwezi. Poyamba banja linauzidwa kuti wavulala ndipo wasowa. Za imfa zinamveka ku England kumayambiriro kwa Sepitembala, zaka zinayi chichitikire masewero a ku Hove. Bill Bowes, mnzake amene ankaponya naye ku Yorkshire, anali mkaidi mu Italy momwemo chigwidwire ku Tobruk, ku Libya, mu 1942, ndipo anamva nkhaniyi kwa mkaidi wina wongofika kumene, wa ku Canada, amene kiriketi sankaidziwa n'komwe.

Mabuku a asilikali amasiyanitsa wophedwa pomenyana, wofa ndi mabala pambuyo pake, ndi wofa ali pantchito ya usilikali ndi ngozi kapena matenda. Verity ali m'gulu lachiwiri. Maurice Turnbull, amene anaseweranso kiriketi ya England, ali m'gulu loyamba: anaphedwa ku Normandy mu Ogasiti 1944. Farnes ali m'gulu lachitatu, pamodzi ndi George Macaulay wa Yorkshire amene anafa ndi matenda ku Shetland mu 1940. Mawu akuti "anafera kunkhondo" amawaphimba onse, n'chifukwa chake mindandanda ina imasiyana.

Manda

Bungwe losamala manda a asilikali a mayiko a Commonwealth linakhazikitsidwa mu 1917, ndipo limakumbukira anthu pafupifupi 1.7 miliyoni a nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Mfundo zake ndi zakuti munthu aikidwe kumene wafera, osabwezedwa kwawo, ndipo mwala wa pamanda ukhale wofanana, kaya anali mkulu wa asilikali kaya wamba. Pa nkhondo yachiwiri limawerengera aliyense amene anafa ali msilikali kuyambira pa 3 Sepitembala 1939 mpaka pa 31 Disembala 1947, posayang'ana chimene chinamupha. Verity ali m'manda a bungweli ku Caserta, pakati pa ena oposa 700. Mu 1954, sitima ya timu ya England yopita ku Australia itaima ku Naples, Hutton, amene tsopano anali kaputeni wolipidwa uja, anapita kumandako kukaika duwa loyera, chizindikiro cha Yorkshire.

Bungwe lomweli ndi limene limasamala manda a nkhondo ku Karonga ndi ku Zomba. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo yomweyi pansi pa mbendera yomweyi, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma.

Zimene anthu akukambiranabe

Mfundo ya mwala wofanana ija sinatsatidwe paliponse. Mu Epulo 2021 lipoti la bungwe lomwelo linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a iwo a ku Africa, sanalembedwe mayina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Ochuluka anali onyamula katundu, amene kwathu ankatchedwa atengatenga. Mu Januwale 2025 ku Cape Town kunatsegulidwa chikumbutso cha mayina oposa 1,700 a anthu otere a ku South Africa. Funso limene latsala ndi la amene mayina awo sanalembedwe m'buku lililonse: kodi akumbukiridwe motani, ndipo asankhe njirayo ndani, bungwe kapena zidzukulu zawo?

Palinso mtsutso wa mmene nkhani ngati ya Verity iyenera kufotokozedwera. Ena amaona kuti munthu amene akanatha kupeza ntchito yotetezeka koma n'kupita kutsogolo ayenera kutchulidwa padera. Ena amati kutchuka kwake kumaphimba anyamata a kampani B amene anagwa m'munda womwewo usiku womwewo, ndiponso kuti chizolowezi cha olemba a nthawi imeneyo chofanizira nkhondo ndi masewero chinkakongoletsa chinthu chosakongola. Mawu ake omaliza nawonso amanenedwa mosiyana pang'ono m'mabuku osiyanasiyana, poti anachokera m'chikumbumtima cha anthu amene anali pakati pa moto ndi phokoso. Ndipo akatswiri a mbiri ya nkhondo amatsutsanabe ngati kunali koyenera kukakamira kuukira m'chigwa cha Catania, poti posakhalitsa Montgomery anasamutsira mphamvu zake kumtunda, kuzungulira Etna.

Okonda kiriketi ali ndi mikangano yawo. Kodi Verity anali wamkulu kuposa Rhodes? Amene anaona onse awiri anagawikana: Rhodes ankauponya m'mwamba monyengerera, Verity ankaufulumizitsa ndipo kutalika kwake kunkaudumphitsa. Kodi padothi lofunditsidwa la masiku ano akanakhala woopsa, kapena wongoletsa marani monga ankachitira padothi louma la ku Australia? Nanga akanabwerako, akanasewera mpaka liti? Anatsala ndi mawiketi 44 kuti akwanitse 2,000. Mpikisano utayambiranso mu 1946 akanakhala ndi zaka 41. Chaka chimenecho malo ake anapatsidwa Arthur Booth, wopota wamanzere amene anakhala zaka zambiri osapeza malo chifukwa cha Rhodes ndi Verity. Booth anali ndi zaka 43, anatenga mawiketi oposa 100, ndipo Yorkshire inatenganso chikho.